Mafunso ndi mayankho: kupeza gwero la vuto m'mafakitale a makina ogawidwa m'zigawo

Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa kawirikawiri ndi amisiri okonza makina, ophunzira za uinjiniya ndi oyang'anira ntchito m'mafakitale momwe mzere wa makina uli ndi zigawo zambiri, chilichonse chili ndi kompyuta yake yochiyendetsa. Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, mayankho ambiri atsamira pa chitsanzo chimodzi, cha mzere wothira zakumwa m'mabotolo obwezedwa.

Kodi tikamati makina ogawidwa m'zigawo tikutanthauza chiyani?

Kale mzere wonse wa makina unkalamulidwa kuchokera pamalo amodzi, poyamba ndi bokosi lodzaza ma relay (maswichi oyendetsedwa ndi magetsi), kenako ndi kompyuta yoyendetsa makina yotchedwa PLC. PLC yodziwika ya m'masiku oyambirira, Modicon 084, inapangidwa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi gulu la Dick Morley, panthawi imene kampani ya General Motors inkafuna chipangizo cholowa m'malo mwa ma relay. Masiku ano mizere yambiri imamangidwa mwa kulumikiza zigawo zoima pazokha. Chigawo chilichonse chimabwera ndi PLC yake, masensa ake (tizipangizo tozindikira kapena kuyeza zimene zikuchitika), mamota ake ndi pulogalamu yake, ndipo nthawi zambiri zigawozo zimachokera kwa opanga osiyanasiyana n'kumalankhulana kudzera pa netiweki.

Pa mzere wa zakumwa pali chigawo chotsitsa makireti pa mapaleti, chotulutsa mabotolo m'makireti, chotsuka mabotolo, choyendera ngati atsukika, chothira ndi kutseka, chomata malebulo, cholongedza m'makireti ndi chosanja makiretiwo pa mapaleti. Pakati pa zonsezi pamadutsa malamba onyamula mabotolo. Ubwino wake ndi wakuti chigawo chimodzi chikhoza kusinthidwa popanda kugumula mzere wonse, koma mtengo wake ndi wakuti palibenso kompyuta imodzi imene imaona zonse zikuchitika.

N'chifukwa chiyani kupeza gwero la vuto kumavuta kwambiri pa mzere wotere?

Chifukwa chachikulu ndi chakuti pamene makina aima si pomwe pali vuto nthawi zambiri. Pa mzere wa zakumwa, chigawo chothira ndicho chimapereka liwiro la mzere wonse, ndipo zigawo zina zimapangidwa dala kuti zizitha kuthamanga kuposa icho. Chothiracho chikaima, pali zifukwa zitatu zotheka: mwina chawonongeka chokha, mwina chasowa mabotolo chifukwa kumtunda kwake kwaima chinachake, kapena chatsekerezedwa chifukwa kumunsi kwake mabotolo adzaza lamba. Pa zifukwa zitatuzi, ziwiri zili kunja kwa chigawo chimene aliyense akuchiyang'ana. Zili ngati madzi a mumtsinje, amene akadetsedwa kumtunda amene amayamba kudandaula ndi otunga kumunsi.

Malamba a pakati pa zigawo amawonjezera chovuta china. Malambawa amasunga mabotolo ambiri kuti chigawo chimodzi chikaima pang'ono, zina zipitirize ntchito. Zimenezi n'zothandiza pa kapangidwe ka katundu, koma zimachedwetsa chizindikiro, moti chothira chikhoza kuima patapita mphindi zingapo cholongedza chitakumana ndi vuto, ndipo pofika nthawiyo cholongedzacho chayambanso kuyenda bwinobwino ngati sichinachite kanthu.

Komanso mzere wotere sungokhala njira imodzi yolunjika. Makireti opanda kanthu amachoka pa chotulutsa mabotolo, n'kudutsa potsukira makireti, n'kukafika pa cholongedza kudzera pa lamba wawo wapadera. Lamba ameneyu akaima, chotulutsa mabotolo chimasowa koika makireti ndipo cholongedza chimasowa makireti olongedzamo, choncho vuto limodzi limafika pa chothira kuchokera mbali ziwiri. Palinso zinthu zimene zigawo zonse zimagawana, monga mpweya wochokera ku kompuresa, magetsi a 24 V oyendetsa masensa, ndi netiweki. Mphamvu ya mpweya ikatsika, zigawo zinayi zikhoza kudandaula nthawi imodzi, chilichonse m'mawu ake, pomwe palibe ngakhale chimodzi chimene chawonongeka.

Kodi kuzindikira kuti pali vuto ndi kupeza gwero lake si chinthu chimodzi?

Ayi. Akatswiri amasiyanitsa masitepe atatu: kuzindikira kuti chinachake chalakwika, kuloza chipangizo chimene chalakwika, ndi kudziwa mtundu ndi kukula kwa vutolo. Makina ambiri amachita bwino sitepe yoyamba yokha. Uthenga wakuti silinda (chipangizo chokankha ndi mphamvu ya mpweya) sinafike kumapeto pa nthawi yake ukunena zoona, koma sukunena ngati valavu yakakamira, mpweya wachepa, botolo lapingasa kapena sensa yasuntha pamalo pake.

Kodi pali njira ziti zofufuzira?

Njira zilipo zambiri, koma zimagwera m'magulu atatu molingana ndi chimene zimadalira.

Gulu loyamba limadalira zimene anthu akudziwa kale za makinawo. Njira ya FMEA, imene inalembedwa koyamba ndi asilikali a ku America mu 1949, imatenga chipangizo chilichonse n'kufunsa kuti chingawonongeke m'njira ziti ndipo zotsatira zake zingakhale zotani. Mtengo wa zolakwika (chithunzi chokhala ndi nthambi ngati mtengo wam'tchire), umene unayambira ku Bell Laboratories kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, umayenda mobwerera: umayamba ndi chochitika choipa n'kumatsika kufunafuna zimene zingachibweretse. Ku Japan kunachokera chithunzi cha Kaoru Ishikawa chooneka ngati minga ya nsomba, chosanja zonse zimene zingayambitse vuto, ndi chizolowezi cha ku Toyota chofunsa kuti "chifukwa chiyani" kasanu. Njira zimenezi n'zotsika mtengo ndipo zimasunga nzeru za amisiri akale, koma zimangopeza mavuto amene wina anawaganizirapo kale.

Gulu lachiwiri limadalira chifaniziro cha masamu cha mmene makina ayenera kuyendera. Kompyuta imawerengera zimene sensa iyenera kuonetsa, n'kufananiza ndi zimene ikuonetsadi, ndipo kusiyana kukakula imadziwa kuti chinachake chalakwika. Pa zinthu zosintha pang'onopang'ono monga kutentha kwa madzi otsukira kapena liwiro la mota, amagwiritsa ntchito masamu monga sefa ya Kalman ya mu 1960. Koma makina ambiri opangira katundu amayenda mwa zochitika zotsatizana: botolo lafika, chogwirira chatseka, silinda yatuluka, sensa yayaka. Mu 1995, Meera Sampath, Stéphane Lafortune ndi anzawo a ku University of Michigan anasonyeza mmene tingadziwire, makina asanamangidwe n'komwe, ngati vuto lina lake lingathe kuzindikirika kuchokera pa zochitika zooneka pasanapite nthawi yaitali. Ntchito yawo inatsimikizira mfundo imene amisiri ambiri anaiphunzira movutikira, yakuti ngati mavuto awiri amatulutsa zizindikiro zofanana ndendende, palibe pulogalamu imene ingawasiyanitse kufikira mutawonjezera sensa. Mbali ina ya gulu lomweli inachokera kwa Raymond Reiter, komanso kwa Johan de Kleer ndi Brian Williams, mu 1987. Iwo anati n'kokwanira kufotokoza mmene chipangizo chilichonse chimagwirira ntchito chikakhala bwino, kenako n'kufufuza kuti ndi zipangizo zochepa ziti zimene, zitakhala zowonongeka, zingafotokoze zonse zimene zaoneka. Njira imeneyi imatha kuloza ngakhale vuto limene silinachitikepo.

Gulu lachitatu limadalira deta yosonkhanitsidwa pamene makina akugwira ntchito. Chiyambi chake ndi tchati cha Walter Shewhart cha mu 1924, chosiyanitsa kusinthasintha kwa masiku onse ndi kusintha kwachilendo. Lero gululi likuphatikizapo kuyeza kunjenjemera kwa mabering'i, kuyang'anira magetsi amene mota ikukoka, ndi mapulogalamu ophunzira okha kuchokera pa deta.

Pa mzere wa zigawo, maganizo athu ndi akuti gulu lachiwiri ndilo liyenera kukhala msana, chifukwa chifaniziro cha chigawo chimasamuka limodzi ndi chigawocho kulikonse kumene chaikidwa. Magulu ena awiriwo amadzaza mipata imene chifanizirocho sichinafikeko.

Kodi si bwino kungotumiza zonse ku kompyuta imodzi yaikulu kuti ndiyo izifufuza?

Pa mzere waung'ono zimatheka, ndipo wofufuza mmodzi woona zonse amapereka yankho lolondola kwambiri. Chovuta chimabwera ndi kuchuluka kwa zigawo. Ngati chigawo chilichonse chingakhale m'mikhalidwe 10 ndipo zigawozo zilipo 10, mzere wonse ungakhale m'mikhalidwe yokwana 10,000,000,000, ndipo kuwonjezera chigawo chimodzi chokha kumachulukitsanso chiwerengerocho kakhumi. Kuwonjezera apo, chifaniziro chachikulucho chiyenera kumangidwanso nthawi iliyonse mzere ukasinthidwa, ndipo kompyuta yapakatiyo kapena netiweki ikafa, kufufuza konse kumafera pomwepo.

N'chifukwa chake ofufuza anatembenukira ku njira zogawa ntchitoyi. Njira ina ndi yakuti chigawo chilichonse chidzifufuze chokha n'kutumiza chidule cha zimene chapeza kwa wogwirizanitsa mmodzi, monga anafotokozera Rami Debouk, Lafortune ndi Demosthenis Teneketzis mu 2000. Njira ina ilibe wogwirizanitsa, ndipo zigawo zoyandikana zimauzana zimene zaona mpaka zitagwirizana chimodzi. Kugawa kuli ndi choopsa chake chimene sichiyenera kubisidwa: pali mavuto ena amene saoneka m'chigawo chilichonse pachokha koma amaoneka pokhapokha mutaika pamodzi zimene zigawo ziwiri zaona. Chigawo chimodzi chikhoza kunena kuti chatulutsa mabotolo 1,000, chotsatira chake n'kunena kuti chalandira 990, zonse zili zokhutira ndi ntchito yawo, pomwe mabotolo 10 agwa pa lamba wa pakati pake. Malo olumikizira zigawo ndiwo amasowa mwini, ndipo m'mafakitale ambiri yankho labwino ndi la pakati: chigawo chizidziyang'anira chokha, koma pakhale wina woyang'anira malire.

N'chifukwa chiyani akatswiri amalimbikira kwambiri nkhani ya mawotchi?

Chifukwa gwero limayamba, chotsatira chimabwera pambuyo, ndipo ngati simungadziwe chimene chinayamba, simungaloze gwero. PLC iliyonse ili ndi wotchi yake, ndipo mawotchiwa amasiyana pang'onopang'ono akapanda kugwirizanitsidwa. Ngati chomata malebulo ndicho chinayamba kuima koma wotchi yake yatsogola ndi masekondi 40, zolembedwa zikhoza kuonetsa ngati chothira ndicho chinayamba kuima, ndipo amisiri adzataya nthawi pa makina osalakwa. Njira ya NTP imagwirizanitsa mawotchi mpaka kusiyana kwake kukhale mamilisekondi ochepa (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000) pa netiweki ya m'fakitale, zomwe n'zokwanira pa mafunso ambiri. Pofunika kulondola kwambiri pali muyezo wa IEEE 1588, umene unatuluka koyamba mu 2002, umene ukakhala ndi zipangizo zoyenera umafika pansi pa maikurosekondi imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Chinanso chofunika n'chakuti nthawi ilembedwe ndi chigawo chimene chaona chochitikacho, osati ndi kompyuta imene yalandira uthengawo pambuyo pake, chifukwa nthawi zina mauthenga safika motsatira ndondomeko imene anatumizidwira.

Nanga sensa yeniyeniyo ikamanama?

Funso limeneli liyenera kufunsidwa msanga pa kufufuza kulikonse, chifukwa masensa, mawaya ndi zolumikizira zake zimakhala pamalo a madzi, fumbi ndi kunjenjemera, ndipo sensa ya kuwala imene yathimbirira ndi madzi a shuga imauza PLC kuti lamba wadzaza pomwe palibe botolo. Opanga zipangizo anakonza njira zoti sensa izidziulula yokha. M'mawaya otumiza muyeso wa sensa ngati magetsi a pakati pa 4 ndi 20 mA (mA ndi muyeso wa magetsi oyenda m'waya), muyeso wa ziro umaimiridwa ndi 4 mA, kuti waya akaduka n'kupereka 0 mA, kompyuta idziwe kuti si muyeso weniweni. Bungwe la NAMUR, limene linayambira ku Germany, mu malangizo ake a NE 43 linati chizindikiro cha 3.6 mA kapena kutsika, komanso cha 21 mA kapena kukwera, chiziwerengedwa ngati kuwonongeka kwa chipangizo. Mu NE 107 bungwe lomweli linagawa mauthenga a chipangizo m'magulu anayi okha: chawonongeka, chikuyesedwa, chikugwira ntchito kunja kwa malire ake, kapena chikufunika kukonzedwa.

Pali msampha wina woopsa kuposa sensa yowonongeka, womwe ndi chizindikiro chosonyeza lamulo limene latumizidwa m'malo mosonyeza chimene chachitikadi. Pa ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania mu 1979, nyali ya m'chipinda cholamulira inkasonyeza kuti valavu yalamulidwa kutseka, ogwira ntchito n'kukhulupirira kuti yatsekadi, pomwe inali itakakamira yotseguka kwa maola oposa awiri. Si fakitale yopanga katundu, koma cholakwika chomwecho chimapezeka pa makina wamba kulikonse kumene wopanga anapulumutsa ndalama ya sensa imodzi yotsimikizira.

Makina athu amatulutsa maalamu ambiri. Kodi zimenezi sizikutanthauza kuti amadzifufuza bwino?

Nthawi zambiri zikutanthauza zosiyana ndi zimenezo. Pa mzere wa zigawo, vuto limodzi limabala maalamu m'zigawo zonse zimene lakhudza, ndipo alamu yeniyeni imakwiririka pakati pa zinzake. Pa kuphulika kwa fakitale yoyenga mafuta ku Milford Haven ku Wales mu 1994, ogwira ntchito awiri analandira maalamu 275 m'mphindi 11 zomaliza. Ngoziyi inathandiza kuti patuluke malangizo a kayendetsedwe ka maalamu otchedwa EEMUA 191 mu 1999, ndipo muyezo wa ISA-18.2 unatsatira mu 2009. Malinga ndi miyezo imeneyi, munthu mmodzi akalandira maalamu oposa 10 m'mphindi 10, ndiye kuti maalamuwo amusefukira ndipo sangathenso kuwatsatira. Mankhwala ake ndi kuonetsa poyera alamu imene inayamba, kubisa maalamu ongotsatira, ndi kuchotsa alamu iliyonse imene sipempha munthu kuchitapo kanthu.

Chimachitika n'chiyani chigawo chikasinthidwa kapena mzere ukakonzedwa mwatsopano?

Apa ndi pamene njira zambiri zofufuzira zimagwera. Malamulo olembedwa pamanja akuti "chakuti chikaima, yang'anani chakuti" amatha ntchito tsiku limene zigawo zasinthana malo. Yoram Koren ndi anzake, pofotokoza za mafakitale otha kukonzedwanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anaika kufufuzika kwa zolakwika pa mndandanda wa makhalidwe ofunika a fakitale yotere, limodzi ndi kugawika m'zigawo ndi kulumikizika, chifukwa anaona kuti mzere wosinthidwa kawirikawiri umataya nthawi yaitali pa kuyambiranso ngati mavuto ake sapezeka msanga.

Chothandiza kwambiri ndi chakuti zigawo zonse zizifotokoza mkhalidwe wawo m'chilankhulo chimodzi. Muyezo wa PackML, wogwiritsidwa ntchito pa makina olongedza, uli ndi mikhalidwe 17, ndipo iwiri mwa iyo imayankha mwachindunji funso lija lakuti kodi chigawo chawonongeka chokha kapena chikungodikira zinzake. Chigawo chikakhala pa Held, chaima pa chifukwa cha mkati mwake, ndipo chikakhala pa Suspended, chaima chifukwa cha zakunja, monga kusowa mabotolo kapena kutsekerezedwa. Zigawo zonse zikamanena zimenezi moona, kufufuza kumasanduka kulondola njira: muyambire pa chothira, mutsate mbali imene chikuloza, mudutse zigawo zonse zimene zikuti zikungodikira, mpaka mufike pa chimene chikuvomera kuti vuto ndi lake. M'mafakitale a zakumwa mulinso miyezo ya Weihenstephan yochokera ku Technical University of Munich, imene imagwirizanitsa deta yotuluka m'makina othira ndi kulongedza. Muyezo wa OPC UA umathandiza kuti deta iziyenda pamodzi ndi tanthauzo lake pakati pa makina a opanga osiyana, ndipo IEC 61499, ya mu 2005, inakonzedwera mapulogalamu ogawidwa pa makompyuta angapo. Chofunikanso, chimene ambiri amachiiwala, ndi chakuti mapu osonyeza chigawo chimene chimadyetsa chinzake azikonzedwa tsiku lomwelo mzere wasinthidwa.

Kodi mapulogalamu ophunzira okha sadzathetsa vuto lonseli?

Ali ndi malo ake, makamaka pozindikira kutha pang'onopang'ono kwa bering'i kapena giya kusanafike poimitsa makina. Koma pa mzere wa zigawo amakumana ndi zopinga zitatu zenizeni. Makina osamalidwa bwino sawonongeka kawirikawiri, choncho zitsanzo za mavuto zophunzirirapo zimakhala zochepa. Mzere ukasinthidwa kapena mukayamba kuthira m'botolo la msinkhu wina, zimene pulogalamu inaphunzira kuti ndi zabwinobwino zimasinthanso, ndipo imayamba kuchenjeza pachabe. Chachitatu, pulogalamu yotere imapeza zinthu zochitikira limodzi, zomwe n'zosiyana ndi kupeza chimene chayambitsa chinzake, ndipo mmisiri amene wauzidwa kuti pali chachilendo popanda kuuzidwa chifukwa sadziwa pogwira. Deta yolembedwa ndi mawotchi osagwirizana siikonzeka ndi pulogalamu iliyonse, ngakhale yodula chotani.

Vuto limabwera n'kuchoka lokha, ndipo tikadina batani loyambitsanso makina amayenda. Titani?

Musalole kuti kuyambitsanso kufufute umboni. Mavuto otere kawirikawiri amachokera ku waya wothyokera mkati pamalo opindikapindika, cholumikizira cholowa madzi, sensa yoikidwa pamalire penipeni pa mtunda wake, kutsika kwa magetsi kwa kanthawi, kapena phokoso la magetsi lochokera ku chipangizo chosinthira liwiro la mota. PLC ikonzedwe kuti izisunga mkhalidwe wa masensa wa masekondi angapo vuto lisanachitike, ndipo kuima kulikonse, ngakhale kwa masekondi 20, kuziwerengedwa. Kuima kwakufupi kobwerezabwereza kumatha kudya nthawi yambiri kuposa kuwonongeka kumodzi kwakukulu, koma sikufika m'buku la okonza makina chifukwa woyendetsa amakuthetsa yekha. Mukakhala ndi mndandanda wa nthawi zimene vutolo linachitika, ufananizeni ndi zina zochitika m'fakitale, monga kuyaka kwa kompuresa, nthawi yotsuka pansi ndi madzi kapena kusintha kwa mtundu wa katundu.

Fakitale yaing'ono yopanda ndalama zambiri ingayambire pati?

Iyambe ndi zinthu zosafuna kugula chipangizo chatsopano. Mawotchi a zigawo zonse agwirizanitsidwe. Pakhale chithunzi chimodzi chosonyeza njira ya katundu, njira ya makireti, ndi zigawo zimene zimagawana mpweya, magetsi ndi netiweki. Kuima kulikonse kulembedwe ndi nthawi yake komanso yankho la funso limodzi: kodi chigawochi chinawonongeka, chinasowa katundu kapena chinatsekerezedwa? Oyendetsa makina amvedwe, chifukwa iwo ndi amene amamva kusintha kwa kulira kwa mota masiku angapo sensa iliyonse isanadandaule. Ndipo aliyense wolowetsa dzanja m'makina pofufuza azimitse magetsi ndi mpweya n'kukhoma loko wake, poti chigawo chimene chikungodikira katundu sichinazime ndipo chimayamba chokha botolo likangofika.

Pogula chigawo chatsopano, tifunse chiyani kwa wogulitsa?

Mufunse mndandanda wonse wa mauthenga a zolakwika, uliwonse ndi tanthauzo lake, zimene zingauyambitse ndi choyenera kuchita. Mufunse ngati chigawocho chimasiyanitsa kuima kwa vuto lake ndi kuima kodikira zinzake, ngati chimalemba nthawi pachokha n'kulola kuti wotchi yake igwirizanitsidwe ndi ya mzere, komanso ngati deta yake ingawerengedwe ndi makina a opanga ena popanda kulipiranso. Pa tsiku loyesa makinawo musanawalandire, musangoona ngati akufika pa liwiro lolonjezedwa. Tsekani sensa imodzi dala, chepetsani mpweya, zulani waya wa netiweki, ndipo muone ngati uthenga wotuluka pa sikirini ukuloza malo enieni. Zimene zapezeka pa mayesowo zilembedwe m'pangano, pamodzi ndi dzina la kampani imene idzayankhe pa lamba ndi masensa a pakati pa chigawo chatsopanocho ndi zoyandikana nacho.